Mmene makina oyendera nthawi anagwera m'manja mwa zigawenga

Nkhani ya makina otengera munthu m'tsogolo kapena kumubwezera m'mbuyo inatchuka ndi buku la H. G. Wells lotchedwa The Time Machine, lomwe linatuluka mu 1895. Mwini makinawo anali katswiri wa sayansi wa ku England, munthu wongofuna kudziwa zinthu, ndipo anakafika m'chaka cha 802,701 kukaona kumene mtundu wa anthu udzathere. George Pal atajambula nkhaniyi kukhala filimu mu 1960, woyenda uja anali akadali bambo wolemekezeka, wopanda chifukwa ndi munthu. Panapita zaka zambiri opanga mafilimu asanafunse funso limene munthu wamba akanafunsa tsiku loyamba: nanga mbava itaba makina oterewa?

Amene anayamba kuliyankha bwino ndi Nicholas Meyer mu Time After Time ya mu 1979. Mufilimuyi Wells weniweniyo ndi amene wapanga makina, koma mnzake wina wodya naye mbale imodzi akupezeka kuti ndi Jack the Ripper, wopha amayi uja amene anazunguza London mu 1888. Apolisi atamupanikiza, akukwera makinawo n'kuthawira ku San Francisco wa mu 1979, kumene akuona pa wailesi yakanema kuti nkhanza zake si zachilendonso. Patangopita zaka ziwiri Terry Gilliam anatulutsa Time Bandits, sewero loseketsa la kagulu ka amuna afupiafupi amene aba mapu osonyeza mipata yolowera m'nthawi zosiyanasiyana, n'kumakabera anthu ngati Napoleon. Awa anali akuba chabe, opanda bwana weniweni kapena malipiro.

Ganizo lotuma munthu wolembedwa ntchito yopha linatchuka ndi The Terminator ya James Cameron mu 1984. Wotumidwayo ndi loboti, yoseweredwa ndi Arnold Schwarzenegger, yochokera mu 2029 kudzapha Sarah Connor asanabereke mwana amene adzatsogolere anthu polimbana ndi makina. Mulibe gulu la zigawenga mufilimuyi, koma inasiya njira imene ena anadzatsata: ngati mdani wakukanika lero, thana naye akadali khanda, kapena asanabadwe n'komwe.

Ndalama zinalowa m'nkhaniyi mu 1989 ndi Back to the Future Part II ya Robert Zemeckis. Biff Tannen, atakalamba mu 2015, akutenga kabuku kokhala ndi zotsatira za masewera kuyambira 1950 mpaka 2000, n'kukadzipatsa yekha ali mnyamata mu 1955. Pobetcha saluzanso. Pofika 1985 tauni ya Hill Valley yasanduka phanga la achifwamba, iye ali ndi nyumba yotchovera juga, apolisi ali m'thumba mwake. Ngakhale filimuyi ndi yoti banja lonse lionere, inasonyeza bwino kwambiri kuti chigawenga sichifuna zida zam'tsogolo. Nyuzipepala ya mawa yokha ndi yokwanira.

Timecop ya mu 1994, imene Peter Hyams anajambula, inatenga mfundoyi n'kuiika m'manja mwa andale. Imayamba mu 1863, munthu wa mfuti zamakono akulanda golide wa asilikali a kum'mwera pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America. Boma likukhazikitsa apolisi apadera olondera nthawi, ndipo Jean-Claude Van Damme ndi mmodzi wa iwo, Max Walker. Walker akugwira mnzake wakale ali mu 1929, akugula masheya pamene msika wa ku New York wagwa, ndipo akutulukira kuti phindu lonse likupita kwa Senator McComb, phungu amene akuyang'anira apolisiwo koma akufuna ndalama za kampeni ya upulezidenti. Filimuyi inapeza madola opitirira 100 miliyoni padziko lonse, ndipo inatuluka m'zaka zimene dzina la Van Damme linkadzaza nyumba zoonetsera vidiyo m'matauni ndi m'misika ya kuno kwathu. Ambiri amaikumbukira chifukwa cha mateche, koma kalembedwe kake kali ndi nzeru: woba wamkulu ndi yemweyo amene wapatsidwa makiyi.

Filimu imene inalumikiza zonsezi ndi Looper ya Rian Johnson, ya mu 2012. Nkhani ikuchitika ku Kansas mu 2044. Makina oyendera nthawi sanapangidwe, koma pofika 2074 adzakhala alipo ndipo boma lidzawaletsa nthawi yomweyo. Zotsatira zake n'zofanana ndi zimene zinachitika America italetsa mowa kuyambira 1920 mpaka 1933, pamene malonda a mowa anagwera anthu ngati Al Capone: chinthu choletsedwacho chikutsala ndi magulu akuluakulu a zigawenga okha. Iwo sakuchigwiritsa ntchito posintha mbiri ya dziko. Vuto lawo ndi mitembo, chifukwa mu 2074 kubisa mtembo kwavuta. Choncho munthu wofunika kuphedwa amamangidwa manja, kumuveka thumba kumutu, kumumangirira zitsulo za siliva kumsana, n'kumutumiza zaka 30 m'mbuyo. Kumeneko mnyamata wa mfuti amakhala akudikira m'mphepete mwa munda, wotchi ili m'manja. Akangotulukira amamuwombera, kutenga siliva ngati malipiro, mtembo n'kukautentha.

Msampha uli m'pangano la ntchito. Tsiku lina wotumizidwayo amabwera ndi golide m'malo mwa siliva, ndipo wowomberayo amadziwa kuti wadzipha yekha ali wokalamba. Ntchito yathera pomwepo, watsala ndi zaka 30 zoti adye ndalama zake. Joe, woseweredwa ndi Joseph Gordon-Levitt, akulephera kuwombera Joe wamkulu, amene ndi Bruce Willis, ndipo awiriwa akusanduka adani ngakhale ali munthu mmodzi. Chigawo choopsa kwambiri ndi cha mnzawo Seth, amene analekerera mkulu wake kuthawa. Mabwana akugwira Seth wamng'ono n'kuyamba kumudula ziwalo, ndipo wamkuluyo, ali kuthawa kwina, akuona zala zake zikusowa chimodzichimodzi, kenako mphuno, kenako miyendo. Kudulako sikuoneka, koma uthenga wa gululo kwa antchito ake ukumveka.

Nkhaniyi ili ndi mabowo ake. Zigawenga zimene zikuopa mtembo mu 2074 n'zomwezo zikuwombera mkazi wa Joe wamkulu m'chaka chomwecho, ndipo palibe chifukwa chomveka chotumira munthu kuti adziphe yekha pamene mnzake akanatha kugwira ntchitoyo. Johnson ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake pamene a Joe awiri akhala m'lesitilanti, wamkulu akukana kulongosola mmene nthawi imayendera. Ndalama zenizeni zinasinthanso nkhaniyi: Joe ankayenera kukakalambira ku Paris, koma kampani ya ku China ya DMG italowetsapo ndalama, anamusamutsira ku Shanghai. Filimuyi inadya madola pafupifupi 30 miliyoni n'kubweza opitirira 170 miliyoni.

Pambuyo pa Looper nkhaniyi inamera nthambi. Mu Tenet ya Christopher Nolan, ya mu 2020, Andrei Sator ndi wogulitsa zida wa ku Russia amene amalandira golide ndi malangizo kuchokera kwa anthu am'tsogolo, moti chigawengacho chasanduka wantchito wa mabwana amene sanabadwe. Ku India, filimu ya m'Chitamil yotchedwa Mark Antony, imene Adhik Ravichandran anatulutsa mu 2023, inachotsa makina okwera n'kuikapo telefoni yoimbira m'mbuyo. Makaniko wa mu 1995, mwana wa mkulu wa zigawenga amene anaphedwa mu 1975, akuimba foni kuti asinthe zimene zinachitikira makolo ake. Vishal ndi S. J. Suryah aliyense anasewera mbali ziwiri, ya bambo ndi ya mwana.