Kodi Zimene Mwana Amanena Kuti Wadya N'zolondola Motani?

Mukapita ndi mwana kuchipatala mu Gaborone, kaya kukiliniki ya m'dera lanu, ku Princess Marina kapena ku Botswana-Baylor, wazaumoyo angakufunseni zimene mwanayo anadya dzulo. Yankho lanu limathandiza kuwerengera mphamvu zimene mwana amapeza m'chakudya, zomwe zimayezedwa m'makalori. Yankho likaphonya, malangizo a kadyedwe kwa mwana wodwala shuga, wonenepa kwambiri kapena wonyentchera amaphonyanso.

Kodi ofufuza amadziwa bwanji kuti yankho laphonya?

Amamwetsa mwana madzi apadera osavulaza thupi, kenako amayeza mkodzo wake kwa mlungu umodzi kapena iwiri. Zotsatira zake zimasonyeza mphamvu zimene thupi lagwiritsa ntchito, ndipo amaziyerekezera ndi chakudya chimene chinatchulidwa. Njirayi inayamba kugwiritsidwa ntchito pa anthu mu 1982.

Mu 2010, Tracy Burrows ndi anzake a ku University of Newcastle ku Australia anaunika kafukufuku wotereyu. Anapeza kuti kwa ana a zaka 4 mpaka 11, njira yolondola kwambiri ndi yakuti makolo afotokoze chakudya cha masiku osachepera atatu, kuphatikizapo tsiku la kumapeto kwa mlungu. Kafukufuku wambiri wasonyezanso kuti achinyamata, makamaka onenepa, amatchula chakudya chochepa kuposa chimene adyadi.

N'chifukwa chiyani zimatero?

Kawirikawiri mwana sakhala akunama. Mwana wosakwana zaka 8 amavutika kukumbukira zimene anadya ndi kuchuluka kwake. Wachinyamata amadyera malo ambiri: kusukulu, kwa anzake, ndi patimagolosale ta m'mbali mwa msewu totchedwa semausu. Magwinya, omwe ndi mandasi, komanso tchipisi ndi zakumwa zozizilitsa kukhosi siziwerengedwa ngati chakudya, pomwe chitini chimodzi cha mamililita 330 cha chakumwa cha shuga chili ndi makalori pafupifupi 140. Mafuta ophikira amaiwalikanso, pomwe supuni yaikulu imodzi ili ndi makalori pafupifupi 120. Ena amabisa chifukwa cha manyazi kapena kuopa kukalipiridwa.

Zimene mungachite

- Lembani chakudya ndi zakumwa zonse nthawi yomweyo, osadikira mawa.
- Yezani ndi kapu, supuni kapena mbale imene mwana amadyera, kaya ndi nsima, bogobe kapena phala la Tsabana.
- Lembani zimene mwana wadyadi, osati zimene mwamugawira. Ngati mumadyera mbale imodzi, nenani.
- Funsani za chakudya cha kusukulu ndi zimene wagula ndi ndalama zimene munamupatsa.
- Funsani modekha. Wachinyamata angamasuke kwambiri polankhula yekha ndi wazaumoyo.
- Musasinthe kadyedwe pa masiku olembawo pofuna kusangalatsa adokotala.

Tengani zolembazo pamodzi ndi khadi la kusikelo. Wazaumoyo amaziyerekezera ndi kulemera komanso msinkhu wa mwana, ndipo ziwirizi zikasiyana amafunsanso asanapereke malangizo.