MBIRI YA ANCHITO OSALIPIDWA A M'MADIMBA MWATHU

Makolo athu a m'cigwa ca Lilongwe sanabzale cimanga pa cokha. M'munda umodzi munali cimanga, nyemba, khobwe ndi maungu, ndi mitengo ya msangu iri ciriri; bonongwe ndi cisoso zinamera zokha pakati pa mbeu. Pa maluwa amenewo panasonkhana njuci ndi mabvu. Ciswamphika analalira tizirombo takudya masamba, ndi namzeze anagwira touluka.

Koma m'caka ca 1975 Lilongwe anakhala likulu la dziko, ndipo anthu anacuruka m'Kawale, Biwi, Cinsapo ndi Mgona. Mitengo inathera ku nkhuni ndi kuocera njerwa. Ife tomwe tinasesa mabwalo athu kufikira dothi linauma ngati mwala, ndi kunena kuti ndiwo ukhondo. Anyamata anatha mbalame ndi malegeni ndi ulimbo. Ndipo kadzidzi, wakudya makoswe, tinamponya miyala poopa malodza. Potsiriza tinagula mankhwala, amene sasiyanitsa mdani ndi bwenzi. Ndani mwa ife, abale, sanaone maungu akucita maluwa, osabala kanthu? Pakuti duwa lacimuna ndi lacikazi amamera padera, ndipo popanda njuci yakuyenda pakati pao kadzungu kamafota kakali kakang'ono.

Kutari ku Australia, Bill Mollison ndi David Holmgren anatulutsa buku lao la permaculture m'caka ca 1978, lakuphunzitsa kulima motsata makhalidwe a thengo. Ciphunzitsoci cinafika kuno, ndipo ku Citedze kunayambika dimba la Never Ending Food. Sitinganene kuti zonse zinali zacilendo. Zambiri agogo athu anazidziwa kale, ngakhale sanazilembe.

Cimene cinatitsegula maso ndico mbozi ya nchemberezandonda yocokera ku America, imene inaononga cimanga kotero kuti m'December 2017 Boma linalengeza tsoka m'maboma 20. Pamenepo alimi ena anathira msuzi wa usipa pa nsonga za cimanga kuitana nyerere, ndipo nyerere zinakwera, nizigwira mbozi.

Tsono lero m'mabwalo ena a ku Area 23 ndi Area 25 masamba ogwa saochedwa, koma aphimba nthaka. Nandolo ndi cisoso zilekedwa kuti zicite maluwa. Ndipo pansi pa mtengo wa papaya paikidwa phale la madzi akumwa mbalame, amene amai amataya ndi kuthira ena pakapita masiku awiri kapena atatu, kuti udzudzu ungaswanemo.