Za Amisiri Owotcherera Rediyeta ku Randburg

Pamene midzi ya Azungu 32 ya kumpoto chakumadzulo kwa Johannesburg inalumikizidwa m'chaka cha 1959 nikhala tauni imodzi yotchedwa Randburg, anthu a kwathu anali atazolowera kale njira ya kumwera, ena potengedwa ndi Wenela kunka ku migodi ya golide, ena poyenda okha kukafuna ukhukhi ndi ntchito ya m'maluwa kunyumba za eni chuma. Pakuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Tauniyo, pokhala yopanda njanji, inakula ndi galimoto, ndipo podzala galimoto sipasowa magalaja, monga aonera aliyense woyenda m'makwalala a Strijdom Park, pambali pa msewu wa Malibongwe umene kufikira 2007 unkatchedwa Hans Strijdom.

M'magalaja a masiku amenewo munali luso limene ana a lero saliona kawirikawiri, ndilo kuwotcherera rediyeta. Rediyeta yakale, mdzukulu wa ija ya timabowo tambirimbiri imene Wilhelm Maybach anaika pa Mercedes ya 1901, inali ya mkuwa, ndipo misoko yake inali yomata ndi mtovu. Chifukwa chake ikayamba kudontha siinkatayidwa ayi. Mmisiri ankatseka pakamwa pake ponse, naipopera mpweya, naimiza m'madzi, naweramira pamenepo modekha kufikira ataona pamene pakutuluka tithovu. Ndipo akapapeza ankapala malowo mpaka mkuwa utawala, nasungunulirapo mtovu ndi lawi la gasi. Timapaipi tikatsekeka ndi dzimbiri, ankamasula msoko wa thanki ya pamwamba, nasolola kachitsulo kopyapyala m'kapaipi kalikonse, kamodzikamodzi, osalumphapo. Rediyeta imodzi inkakonzedwa motero kangapo, galimoto n'kukalamba nayo.

Tisabise kuti manja ambiri ogwira ntchito za m'galaja anali akuda, ngakhale ulemu wa umisiri ndi malipiro ake zinali za Mzungu. Malamulo a tsankho sankamulola munthu wakuda kuphunzira umakaniko mwa dongosolo m'madera a Azungu, kufikira bungwe la Wiehahn litapereka malangizo ake mu 1979. Kotero kuti bambo ankamera imvi akutchedwabe mnyamata wopatsira sipanala, chonsecho ndiye amene ankaidziwa nthenda ya injini pongomva kulira kwake.

Chodabwitsa n'chakuti pamene khomo la umisiri linatseguka kwa onse, luso la mtovu linali litayamba kale kulowa pansi, ndipo amene analigwetsa ndi pulasitiki. Kuyambira zaka za m'ma 1980 opanga galimoto anatembenukira ku rediyeta ya aluminiyamu, yopepuka ndi yotsika mtengo, imene matanki ake ndi apulasitiki, ofinyidwa pa mphira ndi timano ta chitsulo. Pulasitikiyo akakalamba ndi kutentha amang'aluka, makamaka pakhosi pamene pamalowa payipi ya pamwamba, ndipo mtovu sugwirapo. Alipo omata ndi guluu wa Pratley, alipo othira dzira laliwisi kapena tsabola wopera kuti akafike kunyumba. Koma zonsezi ndi chigamba chatsopano pa nsalu yakale, ndipo madzi akatayika saoleka. Injini ikawira imapsereza gasiketi, mwina n'kupinda mutu wake, mwini galimoto n'kulipira kochuluka koposa chimene anaopa poyamba.

Umu ndi mmene ntchito inachokera pa benchi la mmisiri nifika pabwalo la mwini galimoto. Ulamuliro wa tsankho utatha mu 1994, abale athu anachuluka ku Windsor, ku Ferndale ndi kwina m'Randburg ndi kozungulira, ndipo ena mwa iwo, atagula timagalimoto takale tonyamulira katundu wa anzawo kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete kukafika ku Mwanza, anaphunzira kusintha okha rediyeta, popeza dzuwa la ku Tete silichitira chifundo galimoto yolemedwa. Wodziwa amadikira injini izizire kotheratu, pakuti chivindikiro chotsegulidwa pa moto chalavulira ambiri nthunzi kumaso; akatero amakhetsera madzi m'beseni, namasula mapaipi awiri, la pamwamba ndi la pansi, nazula waya wa fani, ndiponso timapaipi ta mafuta a giyabokosi ngati galimoto ili yosintha yokha magiya. Akakhazika yatsopano pa timphira take, pamatsala chinthu chimene othamanga amachinyoza, ndicho kutulutsa mpweya wobisala m'njira za madzi, injini ikulira, hita ili yotsegula, kufikira fani itazungulira.

Pali chifukwanso chimene madzi a pampopi okha sakwanira ku Randburg. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, kumene madzi amawira asanafike madigiri 100, ndipo m'miyezi ya June ndi July chisanu chimaumitsa madzi usiku; motero mankhwala otchedwa antifreeze, osakaniza theka ndi theka ndi madzi, pamodzi ndi chivindikiro chogwira bwino, ndi zofunika mofanana ndi rediyeta yeniyeniyo.

Amisiri a mkuwa sanatheretu, pakuti malole akuluakulu ndi galimoto zakale zikuwafunabe, koma ndi owerengeka, ndipo achinyamata ofuna kukhala pamapazi awo ndi ochepanso. Ife tiyesa kuti wosintha yekha rediyeta wachita bwino, pokhapokha atayamba wafunsa kwa odziwa, pakuti safunsa anadya phula, ndipo kudontha kwina sikuchokera m'rediyeta konse koma pa payipi kapena pa pampu ya madzi. Ndipo inu amene mudzagwira ntchitoyi pabwalo la nyumba ya lendi, musasiye beseni lija poyera: madzi ake ndi otsekemera, koma ndi poizoni wakupha mwana kapena galu.