Ana amasiye a ku Rwanda akula, koma umasiye sunawachoke

Pa 7 Epulo chaka chilichonse, anthu a ku Rwanda amayatsa moto wa chikumbutso ku Gisozi, mumzinda wa Kigali, pomwe panaikidwa mafupa a anthu oposa 250,000. Amalira Atutsi amene anaphedwa m'masiku 100 a chaka cha 1994, nkhondo yapachiweniweni ili mkati, komanso Ahutu amene anafa chifukwa chokana kupha nawo. Onse pamodzi ndi pafupifupi 800,000, mwinanso kuposerapo. Ambiri mwa olira pamwambowu tsopano ndi abambo ndi amayi a zaka zopitirira 30, omwe panthawiyo anali ana oberekedwa kumsana.

Makolo awo sanaphedwe ndi bomba lochokera kutali. Anaphedwa ndi chikwanje cha mnansi, munthu wotunga naye madzi pachitsime chimodzi, wailesi ya RTLM ikukolezera moto. Kutchalitchi cha Nyamata, kumene anthu anathawira poganiza kuti nyumba ya Mulungu idzalemekezedwa, ana ena anapulumuka chifukwa anaphimbika ndi mitembo. Akuluakulu amati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Nanga ngati mnzakoyo ndiye anakupha, mwanayo alowera khomo liti?

Atsikana a zaka 12 anasanduka amayi a ang'ono awo. Ena anatengedwa ndi achibale omwe maso awo anali pamunda wa malemu, n'kumawagwiritsa ntchito ngati akapolo. Boma linakhazikitsa thumba la FARG mu 1998 kuti liziwalipirira sukulu ndi chipatala, ndipo ambiri anaphunzira ndithu. Koma fizi siigula agogo. N'chifukwa chake ophunzira opulumuka a m'bungwe la AERG, lomwe linayamba mu 1996 payunivesite ya ku Butare, anayamba kupanga mabanja awoawo: mnyamata wina n'kumatchedwa bambo, mtsikana n'kumatchedwa mayi, kuti pakhale wokufunsa ngati wadya kapena wolandira alendo tsiku la ukwati wako. Zimenezi zimandikhudza kwambiri, ana kugawana udindo umene akuluakulu anaupha.

Mabwalo a m'midzi ozenga milandu ya kuphanaku, otchedwa Gacaca, asanatsekedwe mu 2012, ana amenewa ankakhala pa udzu n'kumamva wakupha akufotokoza mmene mayi awo anafera. Ambiri mwa akuphawo anamaliza chilango chawo n'kubwerera kumudzi, ndipo amasiyewa amakumana nawo kumsika. Lero ana a amasiyewa akamafunsa kuti agogo ankaoneka bwanji, palibe chithunzi chowaonetsa, pakuti nyumba zinaotchedwa. Ena sadziwa n'komwe tsiku lawo lobadwa.

Ambiri alibenso manda oti akalirepo. Mu 2018 maenje odzaza mafupa anapezeka pansi pa nyumba ndi zimbudzi ku Kabuga, pafupi ndi Kigali, patapita zaka 24 anthu odziwa ali chete. Abale anapita kukasanthula nsanza zofukulidwa, kuti mwina angazindikire malaya a bambo awo. Odziwa kumene kuli maenje ena akukalamba, ndipo ambiri sanaululebe.