Katengedwe ka zotsatira mu database

Katengedwe ka zotsatira mu database ndi njira imene pulogalamu ya pa intaneti imalandirira mizere ya deta ikafunsa database kudzera mu SQL.

Mu PHP, lamulo la fetch() limatenga mzere umodziumodzi, pomwe fetchAll() limatenga yonse nthawi imodzi. Njira yachiwiriyi ndi yosavuta kulemba, koma mizere ikachuluka imadzaza memory ya seva ndipo tsamba limachedwa kutseguka.

Njira ina ndi kugawa zotsatirazo m'masamba pogwiritsa ntchito LIMIT. Pulogalamu ya DHIS2, yomwe Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsira ziwerengero za m'zipatala m'maboma onse kuphatikizapo Mchinji, imatumiza zinthu 50 pa tsamba lililonse ngati wofunsayo sanatchule chiwerengero china. Kugawa kotereku kumathandiza kumadera komwe netiweki imavuta.