Mafunso ndi Mayankho: Kodi zikalata za miliri yakale zili kuti?

Funso: Wowerenga wina wa ku Mwanza akuti agogo ake anali ndi chipsera cha katemera wa nthomba paphewa, ndipo ankasimba za otemera amene ankayenda mudzi ndi mudzi. Iye akufunsa ngati nkhani zotere zinalembedwa penapake, komanso kuti kusunga zikalata kunayamba liti m'dziko muno.

Yankho: Zinalembedwa ndithu, koma zinamwazikana. Poyambira ndi ku Zomba, ku National Archives of Malawi. Malowa anatsegulidwa mu 1947 ngati nthambi ya Central African Archives, imene likulu lake linali ku Salisbury, Harare ya masiku ano. Anaima paokha mu 1964, chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitatha.

Chomvetsa chisoni n'chakuti pofika 1947 zambiri zinali zitapsa kale. Mu February 1919 moto unanyeketsa likulu la maofesi a boma ku Zomba, ndipo makalata ochuluka a zaka zoyambirira za ulamuliro wa atsamunda anasanduka phulusa. Apo n'kuti patangopita miyezi yochepa chilowereni m'dziko muno mliri wa chimfine wa 1918. Zimene zinapulumuka kwambiri ndi zomwe bwanamkubwa anali atatumiza kale ku London, ndipo lero zili ku National Archives ya Britain, ku Kew. Zina zili ku Harare, poti m'nthawi ya chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963, zaumoyo zinali m'manja mwa boma la chitaganyalo. Zolemba za madokotala a mishoni ya Blantyre ndi ya Livingstonia, monga Robert Laws, zambiri zili ku Edinburgh. Kuno kwathu laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House, mumzinda wa Blantyre, nayo imasunga mabuku ndi zithunzi zakale.

Wofufuza za Mwanza asafooke akapanda kuona dzinali pa mafayilo akale. Derali linkalamulidwa kuchokera ku Neno pansi pa dzina loti Central Shire, kenaka linakhala pansi pa Blantyre. Ayang'ane m'mayina amenewo.

Funso: Nanga m'zikalatamo muli chiyani chothandiza munthu wa lero?

Yankho: Muli malipoti a chaka ndi chaka a dipatimenti ya zachipatala, mabuku a ma DC, ndi makalata olamula kutseka njira mliri ukabuka. Muli nkhani ya kaodzera, nthenda yofalitsidwa ndi kashembe, imene inachititsa kuti gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi David Bruce likamange msasa ku Kasu, m'chigawo chapakati, nkhondo ya 1914 isanayambe. Mulinso za khate, limene chipatala cha Malamulo ku Thyolo chinatchuka nalo.

Za nthomba, zomwe wowerengayu akufuna, zimapezeka pawiri: m'malipoti omwewa ndi ku Geneva. Odwala omaliza m'Malawi anaoneka mu 1971, ndipo mu 1980 bungwe la WHO linalengeza kuti nthendayi yatheratu padziko lonse. Zikalata za ntchito yonse yothetsa nthomba zili ku Geneva, ndipo mu 2017 bungwe la UNESCO linaziika m'kaundula wa zolemba zofunika kuzisamala mpaka kalekale. Otemera aja amene agogowo ankawakumbuka sanazimirike ayi. Anali antchito aganyu a m'zaka za m'ma 1960; kolera itafika mu 1973 boma linalembanso ena oti alimbane nayo, ndipo m'gulu limeneli ndi momwe munachokera alangizi a zaumoyo, ma HSA amene lero amapima ana kusikelo ndi kuthira mankhwala m'zitsime.

Komabe powerenga m'pofunika kuchenjera. Amene ankalemba anali DC, dokotala wachizungu ndi m'mishoni. Mfumu imatchulidwa kawirikawiri ikaganiziridwa kuti yabisa odwala, sing'anga amatchulidwa akamadzudzulidwa, pamene mayi wodwazika ana atatu m'nyumba imodzi amangosanduka nambala. Ngakhale Amalawi ogwira ntchito m'zipatala mayina awo ndi ochepa. John Gray Kufa, amene anaphunzira zachipatala ku mishoni ya Blantyre, akudziwika kwambiri chifukwa choti anaphedwa ndi boma mu 1915 pa nkhani ya kuukira kwa John Chilembwe.

Funso: Kodi za posachedwapa nazo zikusungidwa?

Yankho: Apa ndi pamene pali nkhawa. Mwanza ndi khomo: msewu wochokera ku Tete umalowera pa Zobue, ndipo matenda amadzera momwe anthu adzera. Othawa nkhondo ya ku Mozambique anakhala ku Luwani, komwe kunali mbali ya Mwanza Neno isanakhale boma palokha mu 2003. Ena anadzafikira pa Kapise mu 2015 ndi 2016. Mu May 2020 mabasi a Amalawi obwerera kuchokera ku South Africa anadutsa pachipata cha Mwanza anthu akuyezedwa Covid-19. Mu 2022 poliyo atapezeka ku Lilongwe anaonekeranso m'chigawo cha Tete, ndipo katemera anayenda khomo ndi khomo mbali zonse ziwiri za malire.

Zonsezi zinalembedwa m'makaundula a zipatala, m'mafomu a pachipata ndi m'malipoti a mabungwe othandiza. Ziwerengero zimapita m'makompyuta a unduna, koma kaundula weniweniyo, wosonyeza mudzi, tsiku ndi chimene chinachitika, amatha kutsala m'katoni momwe chiswe ndi chinyontho zimafika. Malipoti a mabungwe akunja amapita kwawo ntchito ikatha. Lamulo limati zikalata za boma zisawonongedwe popanda chilolezo cha a National Archives, ndipo zofunika zitumizidwe kumalo awo osungira ku Zomba, Lilongwe kapena Mzuzu. Kwa wowerenga wathuyu, ntchito yofulumira ili m'mudzi momwemo: okalamba amene anatemeredwa nthomba isanathe akadalipo ku Thambani, Kunenekude ndi Tulonkhondo, ndipo foni yam'manja ndi yokwanira kujambula mawu awo, dzina la mudzi ndi chaka chimene otemera anafika.