Njira ziwiri zomwe zinakumana pa Lungwena

Asodzi omwe achezera panyanja ndi nyali zawo amakocheza pa Lungwena kuitana kwa swala ya m'mamawa kuli mkati. Usipa ukamayalidwa pa thandala, abambo a mikanjo yoyera amakhala akutuluka mumzikiti. Mukatsika ndi msewu wa ku boma mumapeza Malindi, pomwe pali tchalitchi cha Anglican ndi chipatala cha St Martin's. Mukakwera kumpoto mumakafika kwa Makanjira.

Ana athu a sekondale amaloweza za Agiriki ndi Aroma kuti angokhoza mayeso basi. Ine zimandiwawa, chifukwa zina mwa nzeru za anthu amenewo zili pamsewu uno, m'mapemphero a agogo awo.

Tiyambe ndi liwu limodzi. Zaka pafupifupi 500 Yesu asanabadwe, Heraclitus wa ku Ephesus ankaphunzitsa kuti zinthu zonse zimasintha, koma pali dongosolo limodzi lozilamulira, lomwe analitcha logos. Patapita zaka ngati 200, Zeno wa ku Citium anayamba kuphunzitsa pakhonde lina mumzinda wa Athens, ndipo ophunzira ake anatchedwa Asitoiki, kutanthauza anthu a pakhondepo. Iwo anati logos ndi nzeru ya umulungu yodzaza chilengedwe chonse. Ndi anthu omwewa, pamodzi ndi otsatira Epicurus, amene anatsutsana ndi Paulo pa Machitidwe 17. Wolemba uthenga wa Yohane, polemba m'Chigiriki, anatenga liwu lomweli n'kulipereka kwa Yesu. Omasulira Buku Lopatulika, lomwe linatuluka mu 1922, analitembenuza kuti Mawu.

Kunena kuti Mawuwo ndi Yesu kunabala mlandu. Kodi iye ndi wofanana ndi Mulungu kapena ndi wolengedwa? Amene anakangana kwambiri, Arius ndi Athanasius, onse anali a ku Alexandria, muno mu Africa. Mfumu Constantine inasonkhanitsa mabishopu ku Nicaea mu 325, ndipo chikhulupiriro chimene anayamba kulemba kumeneko ndicho akhristu a pa Malindi amanena pa Misa. Funsolo silinafe. Mkhristu ndi Msilamu akakambirana mu minibasi ngati Isa mwana wa Mariamu ndi mneneri kapena Mwana wa Mulungu, amakhala akupalasa moto womwewo.

Chisilamu chinabadwa m'zaka za m'ma 600, pakati pa maufumu awiri otopa ndi nkhondo: Aroma a kum'mawa ndi Aperisi otsatira Zoroaster. Sura ya 30 ya Qur'an imatchedwa ndi dzina la Aromawo. Pofika m'ma 800, ku Baghdad kunali ntchito yaikulu yomasulira mabuku a Aristotle, Plato ndi sing'anga Galen m'Chiarabu, ndipo katswiri wake, Hunayn ibn Ishaq, anali Mkhristu. Al-Ghazali, yemwe anamwalira mu 1111, anadzudzula anzeru otsatira Agiriki pa zaumulungu, komabe anasunga luso la Aristotle loyalira mfundo, nati wophunzira chipembedzo sangalileke. Mumzinda womwewo wa Baghdad munkalalikira Abdul Qadir al-Jilani, amene anamwalira mu 1166. Dzina lake ndilo lili pa Qadiriyya, gulu limene anthu a ku Mangochi amalidziwa bwino.

Nzeru zimenezi zinafika kuno podzera njira ziwiri. Njira yoyamba inadzera kunyanja yamchere. Kabuku ka Chigiriki kotchedwa Periplus, ka m'zaka 100 zoyambirira Yesu atabadwa, kamatchula kale doko la Rhapta pagombe la kum'mawa kwa Africa, komwe amalonda ankafika ndi mphepo za nyengo kudzagula minyanga. Pagombe lomwelo panadzakula Kilwa. Ayao ankayenda ulendo wa miyezi kupita kumeneko atasenza minyanga, n'kubwera ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Tisabise: m'maulendo amenewa munalinso anthu omangidwa m'magoli, ogwidwa m'midzi ya Amang'anja ndi Anyanja, ndipo ambiri anafera panjira. Njira yomwe inabweretsa kulemba ndi yomweyo inatenga ana a eni.

Cha m'ma 1870 mfumu Makanjira inalowa Chisilamu. Inkafuna alembi olemba makalata a malonda, ndipo mwalimu wolemba makalatayo ndiye ankaphunzitsanso ana Qur'an. Shehe Abdallah bin Haji Mkwanda anakaphunzira ku Kilwa n'kubwerera m'ma 1880 kudzaphunzitsa kwa Makanjira. Wophunzira wake, Shehe Thabit bin Muhammad Ngaunje, anayenda mudzi ndi mudzi kukhazikitsa mizikiti ndi kuumba aphunzitsi ena.

Njira yachiwiri inakwera ndi mtsinje wa Shire. David Livingstone anaona nyanja yathuyi mu 1859. Mu 1875 amishoni a ku Scotland anafika ku Cape Maclear pa sitima ya Ilala, koma malungo anawasamutsira ku Bandawe mu 1881. Ansembe a White Fathers anakhala kwa Mponda kuyambira 1889 mpaka 1891, n'kuchoka. Amene anakakamira gombe la kum'mawa anali amishoni a Anglican a UMCA, ophunzira a ku Oxford ndi Cambridge omwe anakula akuwerenga Chigiriki ndi Chilatini. Mmodzi wa iwo, William Percival Johnson, anagwidwa kwa Makanjira mu 1888 pamodzi ndi John Buchanan, woimira boma la Britain, ndipo anamasulidwa atawomboledwa. Johnson sanathawe nyanjayi. Anakhala zaka zambiri akumasulira Baibulo m'Chinyanja cha m'mphepete mwa nyanja. Malindi inakhala malo okonzerapo sitima za mishoni, kuphatikizapo Chauncy Maples yomwe inalowa m'madzi mu 1901, yotchedwa dzina la bishopu amene anamira m'nyanja muno mu 1895.

Pakati pa zonsezi panalira mfuti. Captain Cecil Maguire, msilikali wa boma la Britain, anaphedwa kufupi ndi kwa Makanjira mu Disembala 1891, ndipo pofika 1895 asilikali a bomalo, otsogozedwa ndi Harry Johnston, anali atagonjetsa mafumu a Chiyao. Azungu ena ankayembekeza kuti Chisilamu chitha pamodzi ndi malonda a akapolo. M'malo mwake chinafalikira kuposa kale. Mafumu omwe analandidwa mfuti ndi malonda anatsala ndi chinthu chimodzi chimene mzungu sanachigwire, ndipo anachigwiritsa. Mtengo wake unali wowawa. Sukulu zambiri zinali za mishoni, makolo ankaopa kuti mwana akalowa m'kalasi atuluka ndi dzina lina ndi chipembedzo china, choncho mibadwo ingapo inakula osadziwa kulemba kwa boma. Chilonda chimenechi Mangochi akuchipoletsabe.

Alendo onsewa sanapeze anthu opanda Mulungu. Ayao ankadziwa Mlungu, ankathira mbepesi, nsembe ya ufa, patsinde pa msolo popempha mizimu ya makolo. Zatsopano zinalowa m'miphika yakaleyi. Chinamwali cha anyamata cha lupanda chinasanduka jando. Mwambo wokumbukira akufa unavala dzina la Chiarabu, sadaka, ndipo mpunga umaphikidwabe patapita masiku 40.

Qadiriyya itafalikira m'zaka zoyambirira za m'ma 1900, inabwera ndi mbendera komanso sikiri: amuna kuima mozungulira, kugwedeza matupi ndi kutulutsa mpweya mwamphamvu m'chifuwa potchula dzina la Allah mpaka thukuta litayenderera. Mashehe ena anakana, nati maliro aziperekezedwa mwakachetechete, ndipo gulu lawo linatchedwa la sukuti. Midzi ina inagawikana, mizikiti iwiri n'kumangidwa moyandikana. Mpaka lero, maliro akamadutsa pamsewu wa Lungwena kulowera kumanda, wodziwa amangotchera khutu kuti azindikire ophunzira a shehe uti anyamula jeneza.